Mapangano a Mapurosesa a Makina a Masewera ndi Chikwama cha Wogula Masheya: Mafunso ndi Mayankho

M'mwezi wa Novembala chaka cha 2013, makampani awiri amene akhala akulimbirana msika wa makina a masewera kwa zaka zambiri, Sony ya ku Japan ndi Microsoft ya ku America, anatulutsa makina awo atsopano motsatizana, PlayStation 4 pa tsiku la 15 ndi Xbox One pa tsiku la 22. Ndipo ngakhale kuti pamaso pa anthu awiriwa ankapikisana kolimba, aliyense akutama chake ndi kuchepsa cha mnzake, purosesa yoyendetsa makinawo onse awiri anakaigula pa khomo limodzi, kwa kampani ya AMD ya ku California, imene pa masiku amenewo inali itatsala pang'ono kumira m'ngongole. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu wofuna kuika ndalama zake m'makampani a zaumisiri ayenera kufunsa asanamasule chikwama, pakuti safunsa anadya phula.

Kodi purosesa ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani eni makinawa sadzipangira okha?

Purosesa ndi kachipangizo ka silikoni, kaphanthiphanthi ndi kosadzaza ngakhale chikhatho cha mwana, m'mene amisiri amalukamo timasiwichi mabiliyoni ambiri tosaoneka ndi maso. M'makina a masewera muli ntchito ziwiri zazikulu: ina ndi yowerengera ndi kulamula zonse zochitika m'masewerawo, ina ndi yojambula zithunzi zimene wosewera amaona pa wailesi yakanema, ndipo kale ntchito ziwirizi zinkagwiridwa ndi tizipangizo tiwiri tosiyana, togulidwa kwa makampani awiri osiyananso.

Sony inayesapo kudzipangira. Pokonzekera PlayStation 3, imene inatuluka mu 2006, inagwirizana ndi Toshiba ndi IBM kupanga purosesa yakeyake yotchedwa Cell, yamphamvu ndithu, koma yodya ndalama zosaneneka, ndiponso yovuta kotero kuti olemba masewera ankabuula nayo kwa zaka zingapo asanaizolowere. Makinawo anafika pa msika wa ku America pa mtengo wa madola 499 ndi 599, anthu n'kumadandaula kuti ndi odula, pamene Sony yomweyo inkataya ndalama pa makina alionse amene inkagulitsa. Itapsa chotero, kampaniyo inasiya mtima wodzikweza, ndipo pokonza PlayStation 4, motsogozedwa ndi mmisiri Mark Cerny, inasankha purosesa ya mtundu wa x86, womwewo umene uli m'makompyuta wamba, umene olemba mapulogalamu onse anaudziwa kale. Tsono pa dziko lonse makampani aakulu okhala ndi chilolezo chopanga mtundu umenewu anali awiri okha, Intel ndi AMD; ndipo mwa awiriwa AMD yokha ndiyo inalinso ndi luso lalikulu lojambula zithunzi, popeza mu 2006 inagula kampani ya ATI ya ku Canada pa mtengo wa madola pafupifupi 5.4 biliyoni. Inatha kuika ntchito ziwiri zija pa kachipangizo kamodzi, ndipo n'chimene chinaipatsa malonda a Sony ndi a Microsoft pa nthawi imodzi.

Nanga pangano lotere limayenda motani?

Mwini makina amapita kwa wopanga mapurosesa zaka zingapo makinawo asanatuluke, nanena mphamvu imene akufuna, kutentha kumene makinawo angapirire, ndi mtengo umene sangathe kupyola. Wopangayo sayamba pa chabe ayi. Amatenga mapulani amene ali nawo kale, nawasoka molingana ndi msinkhu wa wogulayo, ndipo mbali yaikulu ya ndalama za ntchito yokonza mapulaniyi imalipidwa ndi wogula mwini. Makina akayamba kugulitsidwa, wopanga purosesa amalandira ndalama pa purosesa iliyonse imene watumiza, chaka ndi chaka, kufikira m'badwo wa makinawo utatha, ndipo m'badwo umodzi umakhala wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri: PlayStation 4 inadza mu 2013, PlayStation 5 mu 2020.

Tingafanizire zimenezi ndi mlimi wa fodya amene walowa mgwirizano ndi kampani yogula fodya. Asanafese n'komwe nazale, wogula alipo kale, zipangizo zina wathandizidwa nazo, ndipo sagona ndi nkhawa yakuti mabelo ake abwezedwa ku okushoni. Koma mtengo unanenedwa kale, ndipo ngakhale fodya atasowa chaka chimenecho, iye sangathamangire kwa wogula wina. Momwemonso wopanga purosesa amagula mtendere wa mumtima ndi phindu lochepa, pakuti phindu la pa purosesa imodzi ya makina a masewera limachepa poyerekeza ndi la mapurosesa a makompyuta akuluakulu a m'makampani, ndipo kawirikawiri pangano limanena kuti mtengo uzitsika zaka zikamapita. Onjezanipo kuti malondawa ali ndi nyengo yake: maoda amachuluka pakati pa chaka kufikira cha m'ma Seputembala, pamene mafakitale akudzaza masitolo kukonzekera Khirisimasi, kenaka n'kuphwa, kotero kuti munthu wowerenga lipoti la miyezi itatu yokha, osayang'ana la nyengo yomweyo chaka chatha, angathe kusangalala kapena kulira popanda chifukwa.

Ngati phindu lake ndi lochepa chotero, AMD inalifuniranji?

Inalifuna chifukwa inali pa njala, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Mu 2009 kampaniyi inali italekana ndi mafakitale ake, amene anasanduka kampani yapayokha ya GlobalFoundries. Mu 2011 inatulutsa mapurosesa a mtundu wa Bulldozer, amene anakhumudwitsa ogula, Intel n'kuisiya kutali. Mu 2012 inataya madola opitirira biliyoni imodzi, inalengeza kuti ichotsa antchito 15 pa 100 alionse, ndipo chaka chotsatira inafika pogulitsa malo ake a ku Austin, m'chigawo cha Texas, pa madola 164 miliyoni, n'kumachita lendi nyumba zomwezo zimene zinali zake dzulo. Msika wa makompyuta a pa desiki ndi a m'manja unali kufota, anthu atatembenukira ku mafoni. Mu 2015 ndalama zonse zolowa zinatsika kufika pa madola 3.99 biliyoni, kampani n'kutayanso madola 660 miliyoni, ndipo sheya imodzi inafika pogulidwa pa mtengo wosakwana madola awiri.

M'zaka zowawa zimenezi, pamene malonda ena onse anali kuuma, maoda a Sony ndi a Microsoft ankabwerabe mosalekeza, chifukwa PlayStation 4 inakondedwa koposa, ndipo pa moyo wake wonse inagulidwa kupitirira 117 miliyoni. Ndalama zimenezo sizinalemeretse AMD. Zinangoisunga ndi moyo, kulipira antchito ndi kukhazika mtima pansi eni ngongole, kufikira amisiri ake, amene Jim Keller anabwerera kudzawatsogolera mu 2012, atamaliza mapulani atsopano otchedwa Zen. Mayi Lisa Su, amene anakhala pa mpando wa mkulu wa kampaniyi mu Okutobala 2014, anaika mphamvu zonse pa ntchito imeneyo, ndipo mu 2017 kunatuluka mapurosesa a Ryzen a makompyuta wamba ndi a Epyc a makompyuta akuluakulu. Amenewa ndiwo anakweza sheya ija, imene inapyola madola 100 mu 2021 ndi madola 200 mu Malichi 2024. Patapita zaka, ena mwa amisiri a kampaniyo ananena poyera kuti pakadapanda PlayStation 4, mwina AMD ikadagwa.

Choncho munthu amene anagula masheya a AMD mu 2013, atamva za mapangano awiri aja, n'kumayembekeza kulemera chaka chomwecho, anadikira zaka ziwiri n'kuona chuma chake chikuchepa; ndipo amene anatopa n'kugulitsa mu 2015 anachoka pa khomo chakudya chili pafupi kupsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe tisanamize owerenga kuti kudekha kokha kukadakwanira, pakuti mapulani a Zen akadalephera monga anachitira a Bulldozer, kudikira konseko kukadakhala kwachabe.

Kodi Nvidia, imene ikutchuka masiku ano, inali kuti pamene AMD inkatenga malonda amenewa?

Inalipo, ndipo inali italawa kale. Xbox yoyamba ya mu 2001 inali ndi purosesa ya Intel ndi kachipangizo kojambula zithunzi ka Nvidia. Koma Microsoft, pofuna kutsitsa mtengo wa makina ake, inakangana ndi Nvidia pa za mitengo, mlandu n'kufika kwa oweruza apadera mu 2002, ndipo ngakhale anagwirizana mu Febuluwale 2003, ntchito ya kachipangizo ka zithunzi ka Xbox yachiwiri, Xbox 360, inapita kwa ATI. Nvidia inapangiranso Sony kachipangizo ka zithunzi ka PlayStation 3, koma pofika 2013 mmodzi wa akuluakulu ake ananena kuti sanafune malonda a PlayStation 4 pa mtengo umene Sony inali yokonzeka kulipira. Ambiri pa nthawiyo anati ndi mawu a munthu wolephera amene akudzitonthoza. Lero sitingawaseke kwambiri.

Nvidia inadzalowanso pa khomo lina. Mapurosesa ake a Tegra, amene sanayende bwino m'mafoni, anapeza malo mu Nintendo Switch mu Malichi 2017, ndipo makina amenewo agulidwa kupitirira 150 miliyoni. Switch 2, imene inatuluka pa 5 Juni 2025, ilinso ndi purosesa ya Nvidia. Koma taonani kukula kwa zinthu. M'chaka chake cha malonda chimene chinatha mu Januwale 2025, Nvidia inalandira madola 130.5 biliyoni, ndipo mwa amenewa 115.2 biliyoni anachokera ku makompyuta akuluakulu, makamaka oyendetsa AI, imene ndi nzeru zopangidwa za makompyuta, pamene gawo lonse la masewera, kuphatikizapo makadi a zithunzi a m'makompyuta wamba, linabweretsa 11.4 biliyoni. Wogula masheya a Nvidia chifukwa cha Nintendo wagula chinthu china chosiyana ndi chimene akuganiza.

Koma kampani ikagwira makina onse a m'badwo umodzi, si ndiye kuti yapambana basi?

Funsani IBM. M'zaka za 2005 ndi 2006 kampani imeneyi inali ndi dzanja m'mapurosesa a makina onse atatu, Xbox 360, PlayStation 3 ndi Wii ya Nintendo, amene pamodzi anagulidwa kupitirira 250 miliyoni. Ulemerero woposa pamenepa panalibe m'malonda amenewa. Koma mu 2005 momwemo Apple inalengeza kuti ikusiya mapurosesa a mtundu wa IBM kupita kwa Intel, m'badwo wotsatira Sony ndi Microsoft anapita kwa AMD, ndipo mu Okutobala 2014 IBM inavomera kulipira GlobalFoundries madola 1.5 biliyoni kuti itenge mafakitale ake a ku East Fishkill ndi ku Essex Junction. Sikuti inagulitsa ayi. Inachita kulipira kuti wina ailandire katundu amene anailemera. Zifukwa zake zinali zambiri, ndipo sitinganene kuti makina a masewera ndiwo anaigwetsa. Chimene tikunena n'chakuti sanathe kuipulumutsa, popeza mafakitale a mapurosesa amafuna ndalama zatsopano zochuluka zaka zilizonse, ndipo panalibe malonda ena aakulu oti adzaze mafakitalewo masewera atachoka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono lero, AMD italimba, mapanganowa ali ndi kulemera kotani pa sheya yake?

Kulemera kwake kwachepa, koma sikunathe. Mu 2022, pamene PlayStation 5 ndi Xbox Series X ndi S zinkafunidwa kwambiri, gawo la masewera la AMD linalowetsa madola 6.8 biliyoni mwa 23.6 biliyoni a kampani yonse, ndipo Sony yokha inabweretsa magawo 16 pa 100 alionse a ndalama zonsezo, chinthu chimene chiyenera kudetsa nkhawa aliyense wodziwa kuopsa kodalira wogula mmodzi. Mu 2023 gawolo linatsika pang'ono kufika 6.2 biliyoni, mu 2024 linagwa kufika 2.6 biliyoni, pamene makinawo anali atakalamba pa msika ndipo eni ake anachepetsa maoda kuti ayambe amaliza katundu amene anali m'nkhokwe. Kugwa kotere kukadachitika mu 2015 kukadakhala maliro. Koma mu 2024 momwemo ndalama zonse za kampani zinakwera kufika 25.8 biliyoni, chifukwa gawo la makompyuta akuluakulu linafika 12.6 biliyoni, ndipo ogula masheya ambiri sanalabadire n'komwe za masewera, maso awo onse ali pa mpikisano wa AI.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachizindikira msanga: malonda a makina a masewera akachepa, phindu la kampani pa dola iliyonse yolowa limaoneka lokwera, chifukwa katundu wa phindu lochepa wachepa m'chiwerengero, ndipo m'badwo watsopano ukayamba, ndalama zolowa zimakwera koma phindu la pa dola n'kuoneka ngati latsika. Wowerenga mosafatsa angayese kuti kampani yadwala pamene ili bwino.

Kodi n'kosavuta kuti kampani ina ilande malonda amenewa?

Kale kunali kosavuta, monga taonera kuti m'badwo uliwonse unkasintha wopanga. Tsopano kwavuta, ndipo chifukwa chake chili m'manja mwa osewera eni. Munthu amene kwa zaka khumi wakhala akugula masewera a PlayStation 4 amayembekeza kuti adzasewerabe pa PlayStation 5, ndi pa makina odzabwera pambuyo pake. Ndipo njira yosavuta yokwaniritsira chiyembekezo chimenechi ndi kukhalabe ndi wopanga purosesa yemweyo, pakuti kusamukira kwa wina kumafuna ndalama ndi amisiri ambiri oti ayese masewera akale masauzande, amodziamodzi. Mu Seputembala 2024 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linalemba kuti mu 2022 Intel ndi AMD ndiwo anatsala pa mpikisano wopanga purosesa ya PlayStation yotsatira, ndi kuti Intel inalephera pa zifukwa ziwiri, kusamvana pa phindu limene ikadatenga pa purosesa iliyonse, ndi nkhani yomweyi ya masewera akale. Intel inakana mmene nkhaniyo inalongosoledwera. Koma chimene chinawawa otsatira kampaniyo n'chakuti, mosiyana ndi AMD, Intel ili ndi mafakitale akeake amene ikufunitsitsa kuwadzaza ndi ntchito za makampani ena, ndipo oda yokhazikika ya zaka zambiri, ngakhale ya phindu lochepa, ndiyo imene fakitale yofuna kudziwika imasowa. Ndipo mu Juni 2025 Microsoft inalengeza pangano la zaka zingapo ndi AMD lopangira limodzi mapurosesa a Xbox ya m'tsogolo.

Nanga eni masheya a Sony, Microsoft ndi Nintendo, zimenezi zimawakhudza bwanji?

Mosiyanasiyana. Kwa Microsoft, Xbox ndi kagawo kochepa ka nyumba yaikulu, ndipo mtengo wa purosesa sungagwedeze sheya yake. Kwa Nintendo masewera ndiwo moyo wonse, ndipo mwambo wake ndi kusankha purosesa yosakhala ya mphamvu zopambana, koma yotsika mtengo, kuti isataye ndalama zambiri pa makina. Sony ili pakati: makina ake imagulitsa pa phindu lochepa, nthawi zina mopanda phindu, poyembekeza kudzakolola pa masewera, pamene imatenga pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a mtengo wa masewera ogulidwa m'sitolo yake ya pa intaneti, ndi pa ndalama za mwezi ndi mwezi za PlayStation Plus. Kwa kampani yotere makina alionse osafika m'nyumba ya munthu ndi wogula masewera amene watayika. N'chifukwa chake kusowa kwa mapurosesa kwa m'zaka za 2020 mpaka 2022, pamene PlayStation 5 inkasowa m'masitolo ndipo ogulitsa a katapira ankaikweza mtengo, kunali kowawa koposa mmene kunkaonekera.

M'badwo uno waphwanyanso mwambo wina wakale. Kale makina ankatsika mtengo akamakalamba, popeza luso lochepetsa timasiwichi linkatsitsa mtengo wa purosesa msangamsanga. Tsopano lusoli ladula, ndipo pamodzi ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu ndi misonkho ya pa malire, zachititsa kuti Sony ikweze mtengo wa PlayStation 5 m'maiko ambiri mu Ogasiti 2022, ndi ku America mu Ogasiti 2025, pamene Microsoft inakweza wa Xbox mu Meyi 2025.

Ngati AMD ndi Nvidia alibe mafakitale, amene amaumba mapurosesawa ndani?

Mapurosesa a PlayStation 5 ndi a Xbox Series amaumbidwa ndi kampani ya TSMC, imene Morris Chang anaikhazikitsa mu 1987 ku Hsinchu, pa chilumba cha Taiwan, ndipo kampani imeneyi nayonso imadalira makina ojambulira a ASML ya ku Veldhoven, m'dziko la Netherlands. TSMC imalandira malipiro ake kaya wapambana ndi Sony kaya ndi Microsoft, ndipo mafakitale ake akadzaza, imayamba yasamalira olipira kwambiri, amene ndi Apple ndi opanga mapurosesa a AI. Purosesa ya masewera, pokhala ya phindu lochepa, siingalimbirane nawo malo a luso latsopano kwambiri, ndipo imapangidwa ndi luso lotsalira pang'ono. Wogula masheya a kampani iliyonse mwa amene tatchulawa wasenzanso, kaya akudziwa kaya sakudziwa, nkhawa ya mkangano wa pakati pa China ndi Taiwan, ndi ya zivomezi za pa chilumbacho. TSMC yamanga mafakitale ena ku Arizona ndi ku Kumamoto, m'dziko la Japan, ndipo m'fakitale ya ku Kumamoto, imene inatsegulidwa mu Febuluwale 2024, Sony ili ndi gawo lake la umwini. Koma fakitale ya ku Kumamotoyo imapanga tizipangizo ta luso lakale, ta makamera ndi ta magalimoto, osati purosesa ya PlayStation 5.